Pulinta, Chithupsa ndi Apongozi Anga

Mukadzafika ku Chiringa n'kumva anthu akunena za "mphunzitsi wa chithunzi uja", musavutike kufunsa kuti ndi ndani. Ndine. Musaganizenso kuti ndine katswiri wojambula, ayi. Chithunzi chake n'chimodzi chokha, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanachifufuta m'mitu ya anthu onse amene anachiona. Poti aliyense amaikamba nkhaniyi mothira mchere wake, bola ndiikambe ndekha mwiniwakene.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinabwera ku Phalombe kudzaphunzitsa pa sekondale ina, ndili ndi maganizo ongokhala pang'ono n'kupempha kuti andisamutse. Kenako ndinakumana ndi Esinta, zosamuka zija n'kuiwalika. Tinakwatirana, ndipo ndinamanga kanyumba pamudzi pawo, kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Mwachidule, ndine mkamwini.

Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chapitacho. Apongozi aakazi alipo, ndipo ndi mayi wosunga mwambo kwabasi. Chikwatirireni ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankapatukira m'nandolo, ine n'kupatukira m'chinangwa, njira n'kutsala yokha. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ngakhale ine nditaima pomwepo: "Esinta, uwauze abambowo kuti mbuzi yadula chingwe." Esinta akachokapo ankauza aliyense amene ali pafupi (tsiku lina uthenga wanga unadzera kwa nkhuku). M'nyumba mwawo sindinkalowa. Ndipo kunena zoona zimenezi ndinkanyada nazo, chifukwa mudzi wonse unkati pakhomo paja pali mkamwini waulemu. Pachikamwini munda ndi wa mkazi, malo ndi a mkazi, ana nawonso ndi a kuchikazi. Chuma changa chenicheni pamudzipo chinali ulemu umenewo basi.

Ndiye ndinagula pulinta yoti ndizisindikizira mayeso a ana asukulu. Kanyumba kathu kamadontha nthawi ya mvula, m'chilimwe fumbi limalowa ngati nalo limalipira lendi, choncho Esinta anagamula kuti pulintayo ikakhale pabalaza pa mayi ake pomwe pali siling'i. Vuto linali limodzi: mwini pulinta saloledwa kulowa momwe muli pulinta. Apa mpamene sukulu yanga inaonekera. Ndinagula rauta, kabokosi kaja kofalitsa waifai, n'kukaikitsa pawindo la apongozi. Tsiku lina iwo atapita kumaliro kwa Chiwalo, ndinaima panja pawindopo n'kumalangiza mlamu wanga Felista, mng'ono wake wa Esinta, kuti adine apa, alembe ichi, mpaka pulinta, laputopu yanga ndi laputopu yake zinayamba kumvana. Kuyambira pamenepo ndinkangodina batani ndili kwanga, pepala n'kutulukira kwa apongozi, Esinta n'kukalitenga. Mwambo sunasweke, ntchito n'kumayenda. Aphunzitsi anzanga anatopa nane, chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya mpira, ndinkaikhotetsera ku netiweki ya kwathu.

Apongozi anailandira bwino pulintayo, mwina kuposa momwe anandilandirira ine. Anaifunditsa kansalu koluka, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Koma pa phiri la Michesi pakangoda mitambo, ankazula pulagi yake poopa mphenzi. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, banja linakonza mwambo wa chiliza cha malemu apongozi aamuna. Achibale ambiri ankachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique, panjinga zawo zomangirira nkhuku ndi matumba a makaka, chinangwa chouma chija. Iwowa anapempha kuti banja lililonse lidzabwerere ndi chithunzi cha malemu, poti chimene chinalipo chinali chimodzi chokha, chopachika pabalaza. Uthenga unandipeza mwa njira yake ija: "Esinta, uwauze abambowo kuti makina awo aja atulutse nkhope ya bambo ako." Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Apongozi akudalira makina anga! Esinta anatenga foni yanga, n'kukajambula chithunzi cha pakhoma chija, n'kundibwezera.

Sabata yomweyo ndinatuluka chithupsa. Pathupi la munthu pali malo ambirimbiri amene chithupsa chingasankhe, koma changa chinasankha pokhalira, mbali ya kumanja. Sindinauze munthu. Esinta masiku amenewo ankagona kwa mayi ake chifukwa cha ntchito yophika thobwa, ndiye ndinali ndekha ndi mlendo wangayo. Poti kukhala pansi kunali kosatheka, ndinangosanduka wantchito. Mipando ndinkanyamula ndine, nkhuni ndine, madzi ndine. Kudya ndinkadya chiimire. Njinga ndinkachita kuikankha mpaka kumsika, anthu n'kumati ndikuopa kutha matayala.

Mng'ono wa malemu wochokera kutsidya kuja, a Muhiwa, mkulu wa maso ofooka koma wa mawu omveka mpaka kumsewu, anandiyamikira pagulu. "Mkamwini uyu ndi wina! Chifikire ine pano sindinamuone atakhala pansi. Akamwini a masiku ano amangofuna mpando ndi foni, koma uyu ayi ndithu." Ndinawerama modzichepetsa, misozi ili m'maso (iwo ankayesa ndi ya kukhudzidwa). Ndinaona ndi kona ya diso apongozi akugwedeza mutu movomereza, ndipo ndinati mumtima: chithupsa iwe, wandipweteka koma wandikweza.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike, m'mawa, ndinaganiza zomuona mdani wangayo maso ndi maso. Kalilole wathu ndi wokhomera pamwamba, ndiye ndinatseka chitseko, ndinatenga foni, n'kuwerama m'njira imene sindingaifotokoze pano. Ulendo woyamba ndinajambula denga. Wachiwiri chidendene. Kenako ndinamupeza, wathunthu, wonyezimira pakati, kumbuyo kwake kukuoneka katani ya kuchipinda kwathu ya maluwa achikasu. Ndinamuyang'ana, ndinamutukwana, n'kuika foni m'thumba.

Masana ndinakumbukira ntchito ya apongozi. Ndinasamutsira zithunzi zonse za mufoni pa laputopu. Laputopuyo inali patebulo lathu lalifupi, ndipo ine, pa chifukwa chomwe mukuchidziwa, ndinkagwira ntchito chiimire. Amene munagwiritsapo laputopu yakale mukudziwa kuti ukayang'ana sikirini yake uli pamwamba, zonse zimaoneka zakuda bii. Ndinatsegula chithunzi chomaliza, poti m'mutu mwanga chomaliza kujambulidwa chinali chomwe anajambula Esinta chija. Ndinaona chinthu chozungulira, choderapo, chowala pakati. Tsono malemu anali ndi dazi lotchuka, loti akaima padzuwa anthu ankaphethira. Ndinati, "Ndi iwowa, mzimu wawo uuse mumtendere." Ndinalemba nambala yokwanira mabanja onse, n'kudina.

Pulinta yathu ikamayamba ntchito imamveka bwalo lonse, ngati munthu akukhosomola asanayambe kulalikira. Ndinatchera khutu. Zii. Ndinadinanso. Zii. Ndinadinanso, ndipo ulendo uno mwamphamvu, ngati mphamvu ya chala imayenda pa waifai. Sindikudziwa kuti ndinadina kangati (aliyense amene ali ndi pulinta anachitapo uchitsiru umenewu, musandiseke nokha). Kunja kunali kutachita mitambo ya mvula ya chizimalupsa, ndipo munthu wanzeru akanadziwa kuti pulagi yazulidwa. Ine ndisanaganize, wina anaitana kuti mkamwini adzagwire mwendo wa mbuzi yomwe ankasenda. Ndinasiya laputopu ili chiyakire, ili pamagetsi, mapepala anga onse ali pamzere kudikira. Tsoka silinunkha.

Tsiku la mwambo zonse zinayenda bwino. Tinapita kumanda, abusa anapemphera, chiliza chinavundukulidwa, tinabwerera kunyumba kukadya. Pabwalo anaika sipika yaikulu yobwereka, ikuimba nyimbo za kwaya. Akuluakulu onse analowa pabalaza pa apongozi. Ine ndinali panja ndi beseni la madzi osamba m'manja pamene ndinamva mawu a a Muhiwa: "Nanga zithunzi za achimwene zija zili kuti? Ife mawa m'mamawa tikupalasa." Felista anachotsa maluwa, anavundukula kansalu, n'kulowetsa pulagi. Pulinta inakhosomola.

Ndinasangalala ngati mwana. Ndinatula beseni n'kupita kwanga kuti ndikaone ngati zonse zikuyenda. Poti miyendo inali itatopa, ndinagwada patsogolo pa tebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo maso anga anafanana msinkhu ndi sikirini.

Sanali malemu.

Abale anga, mtima umatha kuima munthu n'kukhalabe moyo, ndine mboni. Munthu wa mutu wabwino akanaletsa ntchitoyo pomwepo pa laputopu, kapena kungoizimitsa. Ine, mphunzitsi wathunthu, woyambitsa netiweki, ndinadzambatuka n'kuyamba kuthamanga. Kuthamanga kwake kunali kwa bakha, mwendo wina kutsogolo wina kumbali, amayi ophika n'kumandipatukira ndi zipande m'manja. Nditafika pakhonde la apongozi miyendo inaima yokha. Zaka zonse zija za ulemu zinandigwira m'mawondo: mkamwini salowa muno.

Ndinazungulira kuwindo. "Alamu! Alamu! Zimitsani!" Sipika ija inameza mawu anga. Felista anandiona ndikugwedeza manja, anamwetulira, n'kundiimikira chala chachikulu kusonyeza kuti makina akugwira ntchito bwino. Anayamba kugawa mapepala osawayang'ana n'komwe, atagwada mwaulemu, kuyambira kwa wamkulu.

Apa ndinakumbukira kuti mita ya magetsi ili kunja, pakhoma la kuseri. Ndinadzikoka mpaka pomwepo n'kugwetsa swichi yaikulu. Kwaya inadukira pakati pa "aleluya". Pulinta inati zii. Mudzi wonse unati zii. Ndipo m'bata limenelo mawu a pabalaza anayamba kumveka bwinobwino kudzera pawindo.

"Achimwene anga ine!" Anali a Muhiwa, akulira. "Dazi lomweli! Lomwe lija ndithu!" Anapumira pang'ono. "Koma maso ali kuti?"

"Mwazondotsa pepala, ankolo," anatero wina.

Kunamveka kuphwatakata kwa mapepala akutembenuzidwa.

"Ngakhale chonchi maso palibe."

"Mwina inki yachepa."

"Koma malemu anali ndi chotupa pamutu?" anafunsa mayi wina wachikulire. "Ine ndinawasambitsa nawo maliro, sindinachione."

"Bwerani nacho pawindo pano powala," anatero abusa.

Ndinatsamira khoma n'kuyamba kupemphera kuti nthaka ya Phalombe, imene imang'ambika yokha m'chilimwe, ing'ambike ulendo umodzi wokha pa ntchito yothandiza. M'malo mwake kunabwera mwini sipika, akung'ung'udza kuti anthu akuseweretsa zida zake. Anandidutsa, n'kukweza swichi ija. Kwaya inayambiranso. Ndinati bola, pulinta ikazima imaiwala. Inde pulinta inaiwala, koma laputopu yanga, yomwe ili ndi batire lake, sinaiwale kanthu. Rauta itangodzuka, inatumizanso ntchito yonse kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi maulendo onse aja ndinadina mwaukali.

Mapepala anayamba kutuluka ngati ngumbi mvula yoyamba. Anadzaza kathireyi, anagwera pansi, mphepo ya pawindo n'kuwamwaza pamiyendo ya akuluakulu. Felista anatola limodzi, ndipo ulendo uno analiyang'ana. Analiyang'anitsitsa. Anakweza maso n'kundiona pawindo. Anayang'ananso pepala. Ndinaona milomo yake ikunjenjemera, ndipo ndinamupempha ndi maso, ndi manja, ndi mzimu wanga wonse. Koma mlamu ndi mlamu, Mulungu anamulenga kuti azikuseka.

"Alamu!" anakuwa. "Katani ya maluwa achikasu iyi si ya kuchipinda kwanu? Yomwe amayi anakupatsani paukwati ija?" Atatero anagwera pamkeka, akupuma movutika ngati wagwidwa mphumu.

Mwambo ndinausiya pakhonde pamodzi ndi nsapato imodzi. Ndinalowa m'nyumba ya apongozi kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, osaodira, ndinazula pulagi, n'kuyamba kutola mapepala ndikunena "pepani, pepani" kwa munthu aliyense ndi mpando uliwonse. Ena ankandipatsa okha. Ena ankakaniza, akuti sanamalize kuona.

"Abambo," anatero abusa mofatsa, "musaime pamaso pa akuluakulu. Khalani pansi mutifotokozere."

Wina anandikankhira mpando wathabwa. Maso onse anali pa ine. Kukana kukhala kukanakhala chipongwe, ndiye ndinati wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndinatsinzina, n'kutsika pang'onopang'ono. Thabwa litangokhudza, ndinauluka. "Mayo ine!" Mapepala ndinatola aja anamwazikanso.

Panalibenso chofotokoza. A Muhiwa anayang'ana pepala lawo, anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kuyang'ananso pepala. Kenako anaphulika. Anaseka mpaka chipewa chinagwa, misozi yolirira achimwene awo ija n'kusanduka ya phwete. Abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa okha akugwedezeka. Mayi wosambitsa maliro uja ankangobwereza kuti, "Ndimanena ine, malemu analibe chotupa." Esinta anaima pakhomo atagwira pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke. Apongozi anali pakona, pamkeka wawo, pepala lili m'manja, akuliyang'ana modekha ngati akusankha mbewu. Ine fisi ndinali nditagwa m'mbuna. Ndinkaona ulemu wanga wonse ukutha: chithunzi cha mwamuna wawo ndachisinthanitsa ndi chimenechi, pa tsiku la chiliza chake, pamaso pa abale ochokera dziko lina. Ndinayamba kuganiza za basi ya ku Ntchisi, ndi momwe ndingaimire njira yonseyo. Ndinkadikira kumva kuti, "Esinta, uwauze abambowo alongedze."

Anakweza mutu n'kundiyang'ana m'maso. Ine. Osati Esinta, osati nkhuku.

"Abambo," anatero.



"Chithupsa ichi chapsa. Mukuchisungiranji? Mawa mupite kuchipatala akachione." Anapinda pepala lija pakati. "Ine ndimati ndapeza mkamwini wolimbikira ntchito, kani ndi chithupsa chimagwira ntchito zonse zija."

Nyumba inagwedezekanso ndi phwete, ndipo ulendo uno iwonso anaseka, kuseka kobisa mano ndi nsonga ya chitenje. Atapuma anati, "Mwini dazi akanakhala moyo, bwenzi pano atagwa pampando. Ankakonda zoseka bambo aja. Lero mwawaperekeza bwino." Kenako anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala: "Ndipo kuyambira lero zopatukirana panjira zatha. Tizibisalirananso chiyani? Chatsala n'chiyani chomwe sindinachione?"

Madzulo omwewo ndinasindikiza chithunzi chenicheni cha malemu. Ndinachita chogwada, nkhope ili pafupi ndi sikirini, Esinta ali mbali ino, Felista mbali inayo, tonse titatsimikiza kuti maso alipo awiri, mphuno ilipo, tayi ilipo. Mapepala olakwika aja tinawatentha kuseri kwa khola. Onse kupatula limodzi. A Muhiwa anakanitsitsa kubweza lawo. Analipinda bwinobwino, n'kuliika m'thumba la jekete, akuti pa zithunzi ziwirizo ndi lomwelo limene latenga dazi la achimwene awo molondola. M'mawa mwake analiwolotsa malire.

Ndimamva kuti akamwini ena amathetsa manyazi a upongozi ndi mphatso ya nkhuku kapena nsalu, pamwambo wake waulemu. Ine ndinalipira modula kuposa pamenepo. Masiku ano m'nyumba ya apongozi ndimalowa, mapepala anga ndimakatenga ndekha, ndipo iwo amandilankhula mwachindunji, mwinanso mopitirira muyezo. Mlendo aliyense akafika amamulozera pulinta, kenako n'kulozera ine. Chithupsa chinapola kalekale, koma ndikangolowa pabalaza paja amaitana kuti, "Felista, bweretsa pilo, abambo akhale."

Phunziro ndinalitola: usamadine chinthu chomwe sunachione bwino, ndipo pulinta ikakhala chete si kuti yagontha. Ndimawauzanso ana asukulu zimenezi, osatchula komwe ndinaziphunzira (ngakhale ndikuona kuti akudziwa, chifukwa amayang'ana mpando wanga). Koma pilo uja ndimamulandira ndi manja awiri, ndimathokoza, n'kukhalapo. Masiku ena ndikakhala pamenepo, apongozi akundiseka m'maso muli gwa, ndimasowa nthawi ija uthenga wanga unkadzera kwa nkhuku.